Munda Wanga: dzina lathu, maluwa a eni

Minibasi yopita ku Chilanga ikanyamuka m'tauni imatsata msewu wa Kafue, n'kusiya Misisi ndi Chawama kumanzere, John Laing ndi Makeni kumanja. Wokhala pawindo amaona fumbi, malata, matumba a makala, tuntemba ndi milu ya miyala imene amayi aswa ndi nyundo tsiku lonse. Pakatha makilomita pafupifupi 15 mpweya umasintha. M'mbali mwa msewu mumayamba mitengo italiitali yamthunzi, ndipo pachipata pali dzina limene mwana wa giredi 2 wa ku Chawama amaliwerenga n'kulimva popanda womumasulira: Munda Wanga.

Dzinali ndi lathu kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Koma amene analipereka sanali wa kwathu, ndipo ponena kuti "wanga" ankanena za iye mwini. Mbiri yonse ya malowa, zaka pafupifupi 70, yakhala ikuzungulira pa kamawu kameneka.

Ralph Sander anali Mzungu wogwira ntchito m'boma la atsamunda la Northern Rhodesia. M'zaka za m'ma 1950 anayamba kubzala mitengo ndi maluwa pamalo ake ku Chilanga, m'mphepete mwa kamtsinje, monga amachitira munthu aliyense wokonda zomera kuseri kwa nyumba yake. Chikondi chakecho chinakula mpaka kuseri kwa nyumba kunachepa. Anasonkhanitsa njere ndi mbande za kumayiko ena otentha, analambula tinjira, anakonza kapinga ndi maiwe, ndipo malowo anasanduka munda woti anthu ankachoka ku Lusaka kudzauona. Chilanga ya masiku amenewo inali itayamba kale kudziwika. Fakitale ya simenti inakhazikitsidwa mu 1949, ndipo simenti yake ndi imene inamanga damu la Kariba. Pafupi pomwepo, ku Mount Makulu, boma linali ndi malo ofufuzira za ulimi, kumene mpaka lero amasunga zomera zouma zomata pamapepala ndi mbewu zamakolo. Munda wa Sander unamera pakati pa fumbi la simenti ndi mabuku a akatswiri a nthaka.

Dzina limene limakumbukika ndi la Sander, ndipo n'loyenera kukumbukika, pakuti munthu amene wabzala mtengo woti ana a anthu osawadziwa adzakhale pamthunzi pake wachita chinthu chabwino. Komabe aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa kuti munda waukulu chotere salima munthu mmodzi. Makasu, makeni othirira ndi zikwakwa zinali m'manja mwa anthu akuda, omwewo amene mu Lusaka monse ankatchedwa magadeniboyi, ngakhale atakhala bambo wa ana asanu.

Kuti timvetse chifukwa chake munda wotere unamera kuno, tiyenera kuyang'ana mzinda womwe. Boma la atsamunda litaganiza zochotsa likulu ku Livingstone, linaitana Pulofesa Stanley Adshead wa ku London, amene mu 1931 anajambula mmene Lusaka adzakhalire. Maganizo ake anatsata chiphunzitso chimene chinali chotchuka ku England nthawi imeneyo, chakuti mzinda wabwino uzikhala ngati munda: misewu yotakata, mapuloti akuluakulu, mitengo mbali zonse. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Ku Ridgeway ndi madera ozungulira, amene lero timati kumayadi, anabzala mitengo ya jacaranda yochokera ku South America, ya flamboyant yochokera ku Madagascar, ndi mipanda ya bougainvillea. Mu Seputembala ndi Okutobala misewu imeneyo imakutidwabe ndi maluwa ogwa a jacaranda, ndipo ine sindingakane kuti ndi yokongola.

Pamapu amenewo munthu wakuda anali mlendo, wobwera kudzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi chitupa chikatha. Matero ndi Chilenje anamangidwa pambuyo pake, nkhondo yachiwiri itatha, boma litavomera kuti antchito ali ndi mabanja, koma nyumbazo sizinakwane ngakhale pang'ono. Otsalawo anapeza pogona pa mafamu ndi pa migodi ya miyala ya Azungu, amene ankawalipitsa lendi ya kapuloti komangapo kanyumba ka zidina. N'chifukwa chake makomboni athu ambiri ali ndi mayina a eni malo. George anatengera dzina kwa George Hadjipetrou. Chawama poyamba inkatchedwa komboni ya Roberts. John Laing, John Howard ndi Marrapodi ndi mayina a anthu ndi makampani. Ufulu utabwera mu 1964 kunabweranso mayina a chiyembekezo: Roberts anasanduka Chawama, ndipo malo amene boma linatsegula mu 1967 pofuna kusamutsirako anthu a ku Kalingalinga anatchedwa Mtendere. Mzinda wa maluwa unali mbali imodzi, anthu othirira maluwawo ankagona mbali ina. M'bandakucha ankatuluka ku Kalingalinga ndi ku Mtendere wapansi kapena panjinga kupita ku Kabulonga ndi Woodlands kukasadza mipanda, ndipo ambiri akuyendabe ulendo womwewo.

Zambia italandira ufulu, munda wa ku Chilanga unapita m'manja mwa boma, ndipo Sander anapitiriza kuusamalira mpaka imfa yake mu 1978. Apa ndiye kuti "wanga" uja anayenera kukhala "wathu". Pamlingo wina zinaterodi. Chipata chinatsegukira aliyense wokhoza kulipira, mabanja ankabwera Loweruka ndi Lamlungu ndi madengu a chakudya, akwati ankajambulitsa zithunzi pansi pa mitengo ya kanjedza. Kunabweranso nyama zosungidwa m'makola, ndipo nyamazo zinalanda ulemu wonse. Funsani munthu wamkulu aliyense amene anakulira ku Matero kapena ku George za ulendo wa sukulu wa ku Munda Wanga. Adzakuuzani za mkango, za ng'ona, za anyani, za dziwe losambiramo. Za mtengo kapena duwa sadzatchula, pokhapokha ngati anakhala pansi pake podya mabanzi.

Chaka chimene Sander anamwalira n'chomwenso madzi anasefukira ku Kanyama, nyumba zambiri za zidina n'kugwa, anthu n'kusowa pogona. Zinthu ziwirizi sizikhudzana, koma zimatikumbutsa mmene dziko linalili. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira 1975, ndalama za boma zinali zitauma, ndipo zochepa zotsalazo zinali ndi ntchito yoonekeratu. Lamulo la 1974 linali litavomereza kuti makomboni sadzagwetsedwanso onse, ndipo ndi ngongole ya World Bank boma linkalowetsa mipopi ndi misewu ku George, Chawama ndi Chaisa. Ku Kalingalinga ntchito yotereyi inachitika m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Nduna imene ikusankha pakati pa mpopi wa ku George ndi paipi yothirira maluwa ku Chilanga sitingaidzudzule posankha mpopi. Munda Wanga unayamba kupatsiranidwa, kuchoka ku dipatimenti iyi kupita ku kampani ya boma iyo, ngati mwana wamasiye amene amalume ndi azakhali akukankhirana. Pofika zaka za m'ma 1990 tinjira tinali titamera thengo, ndipo nyama zinali zowonda m'makola opanikiza a simenti ndi zitsulo. Amene anapitako masiku amenewo amakumbukira chisoni chake.

Mu 1998 bungwe la Munda Wanga Trust linatenga malowa n'kuyamba kuwadzutsa. Linaimika ntchito yake pa mafuwa atatu: munda wa zomera, malo opulumutsirako nyama, ndi malo ophunzitsira ana za chilengedwe. Makola akale anawasiya, nyama zinapatsidwa mipanda yotakata yokhala ndi udzu ndi mitengo. Zambiri mwa nyama zobwera zinali zolandidwa kwa anthu oziweta kapena kuzigulitsa mozemba: apusi ndi anyani omangidwa chingwe m'chiuno, akadzidzi, ngaka. Zina zikachira ankazibwezera kutchire. Kamwana ka njovu kamasiye kotchedwa Phoenix kanaleredwa kumeneko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo msasa wolererako njovu zamasiye ku Kafue National Park uli ndi dzina lake mpaka lero. Mabasi a sukulu anayambanso kuima pachipata. Ana ambiri amene ankatsika m'mabasimo anali a makalabu a Chongololo, amene bungwe losamalira nyama ndi chilengedwe la Zambia linayambitsa mu 1972, ndipo kwa mwana wa ku Kanyama, kumene mwala wa laimu uli pamtunda penipeni ndipo mtengo ndi wowerengeka, tsiku limenelo linali loyamba kuyenda pansi pa mitengo yotseka dzuwa. Pambuyo pake malowa anabwereranso m'manja mwa boma. Lero ali pansi pa dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA mu 2016 ndipo likulu lake lili ku Chilanga komweko.

Mbiri ya manja amene agwira mundawu ndi imeneyo. Chimene chimandivuta mumtima n'chakuti manja onsewa, a Sander, a boma, a Trust ndi a boma kachiwiri, sanayankhebe funso limene dzina la pachipata limafunsa mwana uja wa ku Chawama. Akalowa, n'chiyani mmenemo chimene angaloze n'kunena kuti ichi n'cha kwathu, n'cha kwa agogo ku Petauke, n'cha kwa amayi ku Mporokoso?

Ifetu sitinazolowere kudzitchula ndi duwa. Pa chizindikiro cha dziko la Zambia pali nkhwazi, khasu ndi piki, chimanga, mbidzi, mgodi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, duwa palibe. Ndalama zamapepala zimene zinatuluka mu 2013 zinanyamula mitengo: mukusi pa K2, mopane pa K5, msuku pa K10, mlombwa pa K20, mkuyu pa K50 ndi mlambe pa K100. Uku kunali kusankha kwanzeru, pakuti mitengo imeneyi ili ndi kwawo. Mukusi ndi wa ku mchenga wa kumadzulo, mopane ndi mlambe ndi za kuzigwa zotentha za Luangwa ndi Zambezi, msuku ndi wa kumtunda kumene ana amatola masuku mvula ikayamba. Koma mukafunsa duwa la dziko lino, yankho limene limapezeka kawirikawiri m'mabuku a alendo ndi pa intaneti ndi bougainvillea, chomera cha ku South America chotchedwa dzina la woyenda panyanja wa ku France. Ndi duwa la pampanda wa kumayadi. Dziko lokhala ndi mitundu ya zomera zamaluwa yoposa 5,000 likuimiridwa ndi mlendo.

Anzathu oyandikana nawo anachita mosiyana. Zimbabwe inasankha duwa lofiira ndi lachikasu looneka ngati malawi a moto, limene akatswiri amalitcha Gloriosa superba, ndipo limamera ngakhale m'tchire la kuno kwathu nthawi ya dzinja. Malawi inakweza mkungudza wa ku Mulanje kukhala mtengo wa fuko. Ku South Africa zigawo zinaika zomera zawo pa zizindikiro zawo: KwaZulu-Natal ili ndi strelitzia, Mpumalanga ili ndi duwa la ku Barberton, Limpopo ili ndi mlambe. Ku Britain bungwe la Plantlife, limene linayamba mu 1989, linapempha anthu wamba mu 2002 kuti boma lililonse laling'ono lisankhe duwa lake lakutchire, ndipo zotsatira zinalengezedwa mu 2004. Panali mikangano yeniyeni. Anthu a ku Norfolk anakana duwa limene linatuluka poyamba mpaka linasinthidwa n'kukhala poppy wofiira wa m'minda yawo ya tirigu. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chisankho cha London. Mzinda wa nyumba zachifumu ndi minda yotchuka unapatsidwa rosebay willowherb, chomera chimene chinadzaza mabwinja a nyumba zophulitsidwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri. Anasankha chimene chinamera nawo limodzi pa nthawi ya mavuto.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za Azungu, ife duwa sitidya. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Kwathu chomera timachidziwa ndi ntchito yake: ndiwo, mankhwala, luzi, mtengo wa mpini. Maluwa ogula timakumana nawo paukwati ndi pamaliro, pamene apabanja akuitanidwa mmodzimmodzi kukaika nkhata pamanda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Amayi ambiri a m'makomboni agwirapo ntchito m'mafamu a maluwa a rozi ozungulira Lusaka, kudula ndi kulongedza maluwa okwera ndege kupita ku Netherlands, osatengako ngakhale limodzi kunyumba. Komabe kudzitchula ndi chomera si chinthu chachilendo pakati pathu. Ababemba ali ndi mfunda wa Bena Bowa. Chitedze ndi Msekera ndi mayina a malo amene anachokera ku zomera. Ana aakazi timawatcha Maluwa, a Chitonga ndi a Chibemba amati Maluba. Ndipo pakhomo la nyumba ya chipinda chimodzi ku George, pamene madzi amagulidwa pa chigubu, mudzapeza duwa lobzalidwa m'chitini cha penti kapena m'thayala lakutha, likuthiriridwa ndi madzi otsukira mbale. Mayi amene amachita zimenezi safunika kuphunzitsidwa kukonda maluwa.

Ndipo pali duwa limodzi lakutchire limene makomboni onse a Lusaka amalidziwa bwino kwambiri, kungoti amalidziwa ndi pakamwa. Ndi chikanda.

Pa siteshoni ya basi, pachipata cha sukulu, pamsika wa ku Mtendere kapena wa ku Matero, pamakhala mayi ali ndi beseni kapena thireyi, mkati muli chikanda chofiirira chozungulira ngati keke, mpeni uli pambali. Amadula kachidutswa malinga ndi ndalama yako, n'kuwaza tsabola. Ambiri amene timadya sitidziwa kuti chimene chimalimbitsa chikandacho ndi timbatata ta pansi pa maluwa a mtundu wa orchid, amene amamera m'madambo ndi m'mapiri a udzu. Akatswiri amawaika m'magulu a Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Timbatatato amatitsuka, kutiyanika ndi kutisinja, kenaka amaphika nsinjiro m'madzi, kuthiramo ufa wa chikanda pang'onopang'ono pamodzi ndi mchere ndi soda, amene kale anali chidulo, n'kumavundula mpaka mthiko utalemera. Pomaliza amaika makala pachivundikiro kuti pamwamba pakhwime. Kale chinali chakudya cha kumpoto, cha Ababemba ndi anansi awo, ndiwo ya masiku osowa imene amayi ankakumba kudambo. Kumpoto kwa Malawi amachitcha chinaka. Anthu atasamukira ku migodi ndi ku Lusaka anabwera nacho, ndipo m'makomboni, mmene Mbemba, Mchewa, Mtonga ndi Mlozi amatunga pampopi umodzi, chinasiya kukhala cha mtundu umodzi. Lero chili paukwati, pa kitchen party, m'masitolo akuluakulu ndi m'mahotela, ndipo wa ku Zambia amene ali ku Johannesburg kapena ku London akamva kuti wina akubwera kuchokera kumudzi, chikanda chimakhala pakati pa zoyamba kuitanitsa. Ngati pali chomera chakutchire chimene chasanduka chizindikiro cha ife popanda komiti kukhala pansi, n'chimenechi.

Mtengo wa kutchuka kumeneku ukulipiridwa ndi madambo. Chomerachi chimakhala ndi kambatata kakale kamene kakufota ndi katsopano kamene kasunga chakudya cha chaka chamawa, ndipo wokumba amafuna katsopanoko. Akakachotsa, chomera chatha. Madambo a ku Serenje, Mpika ndi madera ena a kumpoto atayamba kuchepekedwa, amalonda anawoloka malire. Matumba a chikanda amene amatsitsidwa pa msika wa Soweto amachokeranso ku Tanzania kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, ku Congo, ku Angola ndi ku Malawi. Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, pa kafukufuku wawo amene anasindikizidwa mu 2003, anayerekeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka kumapiri a kumwera kwa Tanzania kulowa mu Zambia chaka chilichonse. Nkhani imeneyi inathandiza kuti Tanzania ikhazikitse Kitulo National Park mu 2005, paki yotetezera maluwa makamaka, pamalo amene anthu a kumeneko amawatcha munda wa Mulungu. Phiri la Nyika, limene Malawi ndi Zambia amagawana, lili ndi mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo nalonso okumba salisiya. Kuno ku Lusaka katswiri wa zomera Mike Bingham anachenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri.

Sindikuloza chala mayi wa beseni uja, kapena mayi wamasiye wa kumudzi amene amakumba kuti alipirire ana sukulu. Iwo akuchita chimene njala ndi msika zawauza. Kulima chikanda ngati mbatata n'kovuta, chifukwa njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chakechake, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi mtundu wina wa bowa wosaoneka ndi maso wa m'nthaka. Kuyambira 2016 akatswiri a ku Kew ku London pamodzi ndi a Copperbelt University anagwira ntchito yoyesa kumeretsa njerezi ndi kuphunzitsa okumba njira zosapha chomera. Ntchito yotereyi ndi imene minda ya zomera inakhazikitsidwira padziko lonse. Ku Cape Town, munda wa Kirstenbosch unaperekedwa kuyambira 1913 ku zomera za dziko lomwelo, ndipo duwa lonyadiridwa la chigawo cha kumeneko, Disa wofiira wa pa Table Mountain amene ali pa malaya a timu yawo ya rugby, ndi m'bale weniweni wa chikanda chathu. Iwo amamuvala pachifuwa. Ife timadya abale ake osawaonapo nkhope.

Apa ndi pamene ndimaona ntchito imene Munda Wanga sunaigwirebe mokwanira. Mitengo ya kumayiko ena imene Sander anabzala ikhale. Yakalamba nafe ndipo mthunzi wake ndi wathu. Koma Zambia ili ndi zigawo 10 chiyambire pamene Muchinga inakhazikitsidwa mu 2011, ndipo makomboni a Lusaka ndi ena mwa malo amene anthu a zigawo zonsezo amakhala khomo ndi khomo. Mundawu uli ndi madzi, uli ndi malo, uli pa mtunda wa minibasi imodzi kuchokera ku Chawama, ndipo akatswiri a ku Mount Makulu ali pafupi. Pulofesa Patrick Phiri wa pa University of Zambia anasindikiza kale mndandanda wa zomera za dziko lino mu 2005, choncho poyambira alipo. Chosowa ndi mabedi khumi okha, chigawo chilichonse bedi lake, ndi zikwangwani zolembedwa m'zinenero za eni ake, dzina la Chilatini lili pansi. Ndipo osankha asakhale akuluakulu a mu ofesi. Afunsidwe ana a sukulu, makalabu a Chongololo, amayi a m'misika, mafumu, anthu oimba foni pa wailesi. Adzakangana ngati a ku Norfolk, ndipo mkangano umenewo ndiwo phindu lake, chifukwa munthu sakanganira chinthu chimene sachiyesa chake. A kum'mawa adzakumbutsana maluwa ofiira a mtengo wa mvunguti amene amagwa usiku m'chigwa cha Luangwa, nyama n'kumawatola m'mawa. A kumadzulo adzanena za maluwa oyandama pamadzi a chigwa cha Barotse nthawi ya Kuomboka. A kumpoto sadzalola kuti chikanda chiperekedwe kwa wina.

Nanga makomboni enieniwo? Nawonso ali ndi zomera zawo, zimene palibe anazibzala. Mvula yoyamba ikagwa, m'mbali mwa ngalande ndi pa mabwinja a nyumba zosatha pamamera bonongwe, amene kuno timati bondwe, chisoso chimene timati kanunka, luni wa timaluwa toyera pa timapesi tatitali, ndi denje wa timaluwa tachikasu. Woyang'anira kapinga kumayadi amazitcha udzu n'kuzizula. Ku Kanyama ndi ku George zapulumutsa mabanja m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama ya kapenta palibe. Ngati London inapeza ulemu m'chomera cha pa mabwinja, sindiona chifukwa chimene Kalingalinga ingachitire manyazi ndi luni. Ndikanakonda kuona bedi la khumi ndi chimodzi pafupi ndi chipata cha Munda Wanga, la ndiwo zongomera zokhazi, zitasiyidwa kuti zichite maluwa, kuti mwana aone kuti chimene amayi ake amathyola kuseri kwa nyumba chalembedwa dzina pamalo amodzi ndi kanjedza wochokera kutsidya la nyanja.

Anthu odziwa kusamalira mabedi amenewa sitichita kuwafuna kutali. Ndi omwe aja oyenda m'bandakucha kupita ku Kabulonga, ndi anyamata amene amameretsa mbande m'timapepala takuda m'mbali mwa misewu ya mzindawu n'kumagulitsa kwa odutsa pagalimoto. Amadziwa nthaka imene imasunga madzi, amadziwa kudula nthambi kuti iphuke mizu, ndipo ena anaphunzira kwa atate awo amene anagwira ntchito yomweyo m'nthawi ya Sander.

Chikanda chimachita maluwa pakati pa dzinja, madambo atadzaza madzi, kuyambira chakumapeto kwa Disembala mpaka Malichi malinga ndi mtundu wake. Phesi limodzi limatuluka mu udzu, lowongoka, litanyamula timaluwa tambiri tothithikana, pena tapinki, pena toyera, pena tofiira ngati moto. Okumba amabwera maluwawo akamafota, phesi louma n'kumawalozera pamene pali kambatata. Pofika pa Soweto chimakhala chili m'thumba la makilogalamu 50, chamatope, chonga timiyala, ndipo wogula amachiyeza pa kachitini.